Asilikali Anayi ndi Beseni la Mandasi

Ndikukumbukira Lamulungu lina m'mwezi wa Disembala, chaka chathu chachiwiri mu Glasgow, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala ku Springburn, m'nyumba ya khonsolo ya pa nsanjika yapamwamba penipeni, yomwe mawindo ake ankaimba mluzu mphepo ikamaomba. Mayi anga anali namwino, ndipo ntchito yawoyo ndi imene inatibweretsa kuno. Bambo ankagwira m'nyumba yosamalira okalamba, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi. Koma kwathu ku Malawi anali mphunzitsi wa mbiri yakale pa sekondale ina ku Chikwawa, ndipo uphunzitsi ndi matenda osachizika. Ana asukulu anatsala kumudzi, choncho kalasi yawo yonse tsopano inali ine ndi mng'ono wanga Thoko, wa zaka zisanu.

Pa mbiri yonse ya dziko lapansi, bambo anali ndi kachigawo kamodzi komwe kanawalowa m'magazi: nkhondo za Afalansa za zaka mazana awiri zapitazo, pamene msilikali wina wochokera pa kachilumba anakwera maudindo mpaka kudziveka yekha ufumu, n'kuyamba kugwedeza Ulaya yense. Dzina lake linkamukanika Thoko, ndiye ataona chithunzi chake m'buku anangomutcha aChipewa, chifukwa cha chipewa chake chopingasa chija. Dzinalo linakhazikika m'nyumba mwathu. Akazembe ake ankhondo nawonso tinawapatsa mayina athuathu. Panali aTchena, mkulu wa asilikali apakavalo, amene ankapita kunkhondo atavala nthenga ndi zonyezimira ngati akupita ku ukwati. Panali aMlembi, amene ntchito yawo inali kulemba malamulo ndi kuwatumiza kwa magulu onse. Ndiye panali aTsitsilofiira, munthu waukali, amene bambo ankamutchula motsitsa mawu ngati akutchula mbale wawo womwalira.

Nkhani imene ankaikonda kwambiri inali ya ku Russia. AChipewa analowa m'dzikomo ndi chikhamu cha asilikali, anayenda mpaka ku Moscow, anapeza mzinda wopanda anthu, ndipo posakhalitsa mzindawo unayaka moto. M'malo motembenuka msanga anakhala pansi kudikira kalata ya mtendere imene sinabwere, ndipo pomadzanyamuka n'kuti chisanu chili pakhomo. Bambo anaphunzitsa zimenezi zaka zambiri ku Chikwawa, m'kalasi ya malata, ana akudzikupiza ndi makope, thukuta likudonthera pa choko, iwo akufotokoza za anthu ouma ndi kuzizira. Sinowo anali asanamuonepo. Ankawauza ana aja kuti ali ngati ufa woyera wogwa kumwamba, ndipo ana ankafunsa chifukwa chimene asilikaliwo anafera ndi njala ufa uli mbwee. Chaka chathu choyamba kuno kunangogwa mvula yokhayokha, ndipo bambo anakhumudwa ngati munthu amene wagulitsidwa katundu wabodza.

Lamulungu limenelo mayi anali pa shifiti ya m'mawa. Asanatuluke anandiitanira kukhitchini, n'kuika m'kachikwama kanga ka kutchalitchi kamankhwala kopopera m'kamwa ka Thoko, kamene tinkakatchula kuti inihela. Thoko anali ndi mphumu, ndipo kukazizira chifuwa chake chinkatseka. Mayi anati matumba a bambo ndi odzaza ndi mapepala ndi mabuku, ndiye wosunga mankhwalawo ndine. Anationetsanso beseni lawo lalikulu labuluu lodzaza mandasi a tiyi wa kutchalitchi, n'kulamula kuti beseni limenelo libwerere m'nyumba muno tsiku lomwelo, chifukwa mabeseni a kutchalitchi ali ndi miyendo.

Tinkapemphera ku Maryhill, kumene mabanja angapo a Chimalawi ankasonkhana limodzi ndi eni dziko. Sinowo anayamba ulaliki uli mkati. Ndinamuona pa windo lalitali la kumbali, akutsika mwaulesi ngati thonje louluka, ndipo nditawagwira bambo pamkono anayang'ana, n'kumwetulira mpaka mapemphero kutha. Titatuluka anaima pakhomo atatambasula dzanja, kumuyang'anitsitsa akusungunuka pachikhatho. Kenaka tinalowa mu holo kukamwa tiyi, ndipo mavuto athu anayambira pamenepo, chifukwa m'holomo munali a MacRae.

A MacRae anali mkulu wa mpingo, nkhalamba yopuma pantchito ya njanji, ya nsidze zowirira ngati tchire. Nawonso anali atawerenga za nkhondo zomwezo, ndipo atangoona sinowo pawindo ananena kuti uyu ndiye kazembe amene anagonjetsa Afalansa. Bambo anaika kapu pansi. Anati ayi, chisanu chinangomaliza ntchito, chimene chinawapha anthu aja ndi kuchedwa kunyamuka, ndi njala, ndi akavalo amene sanawaveke zitsulo zoyenera m'mapazi. Mbale ya shuga inasanduka Moscow, masupuni anasanduka magulu ankhondo. Mayi Gondwe, amene anali ndi galimoto ndipo ankakhala kufupi ndi kwathu, anabwera kudzatiitana kuti tikwere nawo. Bambo anawathokoza n'kunena kuti atsala pang'ono kumaliza. Patapita kanthawi mayiwo anabweranso atavala kale chikhoti, makiyi ali m'manja, n'kunena kuti kunja sikuli bwino. Bambo anati asavutike, tikwera basi. Holo inayamba kuchepa anthu, mipando inasanjidwa, ndipo aChipewa anali adakali ku Moscow. Mtsutso unatha pokhapokha wosamalira holoyo atayamba kuliza makiyi ake pafupi ndi khutu la a MacRae, amene kwawo kunali kungowoloka msewu.

Pa siteji tinadikira nthawi yaitali. Msewu unali zii, galimoto imodziimodzi ikudutsa pang'onopang'ono ngati ili pa maliro. Bambo wina woyenda ndi galu anatiuza kuti tikudikira mphepo, mabasi onse awabweza ku depoti. Bambo anayesa kuimbira matekisi, koma kulikonse foni inkangolira osayankhidwa. Tinali anayi, chifukwa tinali ndi mlendo, achimwene a Yamikani, mwana wasukulu wa ku yunivesite ku Hillhead, amene anali atangofika kumene kuchokera ku Nchalo ndipo bambo anawaitanira kunyumba kuti akadye chakudya chakwathu. Anali atavala suti yopyapyala, tayi yofiira ndi nsapato zosongoka zonyezimira, zapansi posalala ngati sopo. Mano awo ankaombana moti ndinkawamva ndili patali.

Ine ndinkayembekeza kuti bambo ada nkhawa. M'malo mwake nkhope yawo inawala. Anatiimika pamzere, n'kulengeza kuti gulu lankhondo libwerera kwawo wapansi, ndipo aliyense alandira udindo. Achimwene a Yamikani, chifukwa cha suti ija, anakhala aTchena. Bambo anadzisankha kukhala aMlembi, odziwa njira ndi opereka malamulo. Thoko, amene anali atayamba kale kulamula kuti amunyamule, anakhala aChipewa popanda wotsutsa. Kenaka anatembenukira kwa ine.

“Iwe Tadala ndiwe aTsitsilofiira. Uyenda kumbuyo kwa tonse. Wa kumbuyo ntchito yake ndi kuona kuti palibe munthu kapena katundu wotsala m'njira.”

Ndinadzimva kutalika. Ndinkadziwa bwino kuti pobwerera kuchokera ku Moscow, kazembe ameneyu ndiye ankateteza kumbuyo ndi anthu ochepa, ndipo nthawi ina onse anamutaya mtima kuti wafa, kenaka anangotulukira.

Poyamba ulendo unali wokoma kwambiri. Sinowo ankalira kuti kwichi kwichi pansi pa mabuti anga, mpweya unkanunkha ngati mkati mwa furiji, ndipo mzinda wonse, ngakhale migolo ya zinyalala, unali utavala zoyera ngati amvano. Bambo anali patsogolo, beseni lili m'khwapa, akufotokoza mokweza za mizinga imene Afalansa anaisiya m'njira akavalo atatha. ATchena ankagwa pafupipafupi, ndipo ankagwa mwaulemu, osadandaula, kungodzuka, kudzisasa n'kunena kuti pepani. Pa kona ina tinaima kugawana mandasi otsala, amene anali atalimba ndi kuzizira koma ankakoma kuposa m'mawa.

Beseni litatsala lopanda kanthu, ndipo Thoko atakaniratu kuponda pansi, achimwene a Yamikani ndiwo anabwera ndi nzeru. M'mphepete mwa beseni munali kabowo kopachikira. Anavula tayi yawo, bambo anavula lamba, ine ndinapereka sikafu, tinalumikiza zonse n'kupanga chingwe. Thoko anakhala m'besenimo atapinda miyendo, ndipo bambo anayamba kukoka, dzanja limodzi pa chingwe, lina litagwira buluku kuti lisatsike. Anatiuza kuti ngakhale aChipewa enieniwo anachoka ku Russia pa chilei chokokedwa pa sinowo, kusiya asilikali awo m'mbuyo. Thoko ankaseka mpaka kutsamwa, akukuwa m'Chingerezi chake cha ku Glasgow kuti kavalo athamange. Anthu ankatiyang'ana pa mawindo, ena kutiombera m'manja.

Titayandikira mlatho wowoloka ngalande ya maboti, tinagwa m'manja mwa adani. Ana a m'deralo anali atabisala kuseri kwa mpanda ndi mibulu ya sinowo, ndipo woyamba unafikira pakhosi pa aTchena. Bambo anakuwa kuti apakavalo a ku Russia atipeza, gulu lifulumire kuwoloka, wa kumbuyo agwire ntchito yake. Ndinaigwiradi. Ndinaumba mibulu ndi manja awiri, kuponya, kubwerera chambuyo, kuponyanso, mpaka ndinaterereka pamlatho pomwepo n'kugwa chagada, miyendo m'mwamba. Adani anaseka, inenso ndinaseka, ndinadzuka n'kuthamangira anzanga ndili wonyowa ndiponso wonyada.

Kuchokera pamenepo njira inayamba kukwera, ndipo masewera anayamba kuchepa mphamvu. Nthawi inali isanakwane folo koloko koma kunja kunali kutayamba kale kuda, monga kumachitira kuno m'Disembala. Mphepo inatembenuka n'kumatiomba kumaso. Zala zanga za kumapazi zinasiya kundimvera. Bambo anapitiriza nkhani yawo, tsopano ya asilikali amene anamanga mlatho ataima m'madzi oundana mpaka m'mapewa, koma mawu awo ankadukaduka ndi wefuwefu. Tinali titafika cha ku Possil pamene ndinazindikira kuti aChipewa asiya kulamula. Ndinayandikira beseni n'kuwerama. Thoko anali atakweza mapewa, maso ali tong'o, ndipo m'chifuwa mwake munkamveka kaphokoso kaja kamene tonse m'nyumba mwathu tinkakadziwa, ngati kamwana ka mphaka kotsekeredwa m'kabati.

Bambo anamunyamula n'kuthamangira pa shopu ya tchipisi imene inali yokhayo yoyaka magetsi pamsewupo. Mayi wogulitsa, wamkulu thupi, wa tsitsi lopaka utoto wachikasu, atangomva kupuma kwa mwanayo anatikokera mkati n'kumukhazika pafupi ndi hita. Bambo anatambasula dzanja kwa ine osandiyang'ana n'komwe, kuti ndiwapatse inihela. Ndinagwira paphewa. Kachikwama panalibe. Ndinagwira phewa linalo, ndinayang'ana m'beseni, ndinayang'ana pansi. Pamenepo bambo anandiyang'ana, ndipo sindinawaonepo ndi nkhope ngati imeneyo. Sanakalipe. Uphunzitsi wonse unali utawachoka, panangotsala bambo wamantha wonyamula mwana. Mayi uja anaimbira ambulansi, ndipo anamuuza kuti ibwera koma misewu yatsekeka, sangalonjeze nthawi.

Ine ndinadziwa pamene ndinagwetsa kachikwamako. Onse ali kalikiliki ndi Thoko, ndinatsegula chitseko n'kutuluka.

Sindinaganize za kazembe aliyense pothamangapo. Ndinkangomva mawu a mayi a m'mawa aja, ndi mtima wanga ukugunda m'makutu. Njira sindinkaidziwa bwino, koma beseni linali litasiya mkwasa wake pa sinowo, wosalala ngati podutsa nsato, ndipo ngakhale unali utayamba kukwiririka ndinautsata pansi pa magetsi achikasu a mumsewu. Ndinagwa kawiri. Mphepo inkandiwotcha pakhosi ngati ndameza tsabola. Nditafika pamlatho panalibe munthu, adani onse anali ataitanidwa kukadya. Ndinagwada pamene ndinagwera paja n'kuyamba kufukula ndi manja, ndikulira, osapeza kanthu. Podzuka kuti ndipukute mamina m'pamene ndinakaona. Munthu wina anali atakatola n'kukapachika pa chitsulo cha mlatho, pamalo oonekera, monga amachitira anthu a kuno ndi golovesi yotayika. Mpaka lero sindidziwa kuti anali ndani.

Pobwerera, pakati pa chitunda, ndinaona munthu akutsika mothamanga, manja akupalasa m'mwamba. Anali achimwene a Yamikani. Bambo anali atawatuma kundilondola, ndipo ataona kuti nsapato zija zikuwachedwetsa anazivula n'kuzinyamula kumanja. Ankathamanga ndi masokosi okha pa sinowo, munthu wa ku Nchalo. Anangondigwira dzanja, tinakwera limodzi.

Thoko anapopera kawiri, tinadikira, anapoperanso. Pang'onopang'ono mapewa anatsika, kamphaka kaja kanayamba kutonthola, ndipo chinthu choyamba chimene ananena chinali chakuti akufuna tchipisi. Mayi wogulitsa anaseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni, n'kuimbanso foni kuti ambulansi ipite kwa ena. Bambo anandigwira pamkono mwamphamvu moti zala zawo zinasiya zizindikiro.

“Usadzachitenso zimenezi,” anatero. Kenaka anati, “Zikomo, mwana wanga.”

Mayi uja anakana kutitulutsa mpaka tonse titafunda. Anatipatsa tchipisi cha viniga ndi tiyi wa shuga wambiri, ndipo achimwene a Yamikani anawabweretsera masokosi a mpira a mwana wake, obiriwira, ofika m'mawondo. Chigawo chotsala cha ulendo tinayenda mwakachetechete. Bambo anamuika Thoko m'kati mwa chikhoti chawo, pachifuwa, atamuphimba pakamwa ndi sikafu. Beseni linali pamutu pa achimwene a Yamikani ngati chipewa. Panalibenso wopereka malamulo.

Kunyumba tinapeza magetsi akuyaka. Mayi anali atafika kalekale. Atamva kuti mabasi aima, anavala mapepala a pulasitiki pamwamba pa masokosi, n'kuyenda okha kuchokera kuchipatala osauza munthu kuti ndi nkhondo. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu, khutu lili pamsana pa Thoko. Atakhutira, anathira madzi ofunda pang'ono m'beseni lawo lija, limene pansi pake panali patakalikakalika, n'kulamula mlendo kuti aviike mapazi. Kenaka anatembenukira kwa bambo n'kunena modekha kuti Mayi Gondwe anaimba foni kufunsa ngati tafika bwino.

“Ndiye tandiuzani, aphunzitsi, anakuitanani kangati kuti mukwere galimoto?”

“Kawiri, amake Tadala.”

Mayi anangogwedeza mutu n'kupita kukapakula. Za kachikwama sanandinene, koma mawa lake anasokera thumba lamkati m'chikhoti cha Thoko, ndipo inihela inasamukira mmenemo.

Bambo sanasiye kukamba za nkhondo za Afalansa, koma kakambidwe kanasintha. Akazembe a nthenga aja anayamba kuchepa m'nkhani zawo, m'malo mwake munalowa anthu amene kale ankawadumpha: amayi ophikira asilikali amene ankayenda kumbuyo kwa gulu ndi ana kumsana, anyamata olembedwa usilikali mokakamiza amene ankakulunga mapazi ndi nsanza, ndi alimi a ku Russia amene nkhokwe zawo zinkaphwasulidwa ndi magulu onse awiri. A MacRae anadandaula kuti mtsutso wasiya kukoma, chifukwa munthu sungatsutsane ndi mnzako za mapazi.

Lero zinthu zinasintha. Foni imakuuza za sinowo masiku atatu asanagwe, imakuuza pamene basi yafika, ndipo sukulu zimatseka ndi uthenga umodzi wa m'mawa. Shopu ya tchipisi ija tsopano amakonzeramo zikhadabo. Thoko anakula, mphumu inamusiya, ndipo amakana zoti anakwerapo beseni. Achimwene a Yamikani ndi dokotala wa za ulimi ku Lilongwe, wa mimba yake ndi galimoto yake. Ana anga awiri anabadwira konkuno, ndikawalankhula Chichewa amandiyankha m'Chingerezi chothamanga chimene agogo awo amachimva theka, ndipo ulendo wa mphindi khumi amafuna ndiwaperekeze pa galimoto. Sindiwadzudzula kwambiri. Kuzizira kumene kunalowa m'mafupa mwanga tsiku lija sindikufunira mwana aliyense, ngakhale ndimadziwa kuti palinso china chimene ndinatola pamlatho paja chimene iwo sangachipeze pampando wakumbuyo wa galimoto.

Bambo ndi mayi anabwerera ku Malawi atapuma pantchito. Chaka chatha kutagwa sinowo wambiri ndinawatumizira kanema wa adzukulu awo akugubuduka pa kapinga wa kuseri kwa nyumba, ndipo ndinakonzeka kulandira phunziro lalitali la mbiri yakale. Bambo anaimba nthawi yomweyo, kumbuyo kwawo kukumveka nkhuku ndi wailesi. Anangofunsa ngati anawo ndawaveka masokosi awiriawiri, n'kundiuza kuti ndiwalowetse m'nyumba kusanade.